MPHEKESERA NDI CHIKHULUPIRIRO: Mau Olankhulidwa pa Chikondwerero cha Zaka 100 za Parishi Yathu



Pamene akuluakulu okonza chikondwererochi adandipempha kuti ndilankhule, ndidayamba ndaganiza zoŵerenga maina a ansembe amene adatumikira pano ndi nyumba zimene makolo athu adamanga. Koma ntchito imeneyo aichita kale ena odziŵa mbiri kupambana ine. Nchifukwa chake ndasankha kukamba za mlendo wina amene wakhala pakati pathu zaka 100 zonsezi. Sadalembedwe m'kaundula wa ubatizo, komabe amabwera ku Misa Lamulungu lililonse, amakhala pabenchi pamodzi nafe, ndipo potuluka amatiperekeza mpaka kunyumba. Kusukulu tinkamutcha boato pa Chipwitikizi, pachinenero chathu ndiye mphekesera.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, pakuti sichabwino kuti munthu adzudzule anzake pa mlandu umene iye mwini adaupalamula nauphimba.

Chaka cha 1992, chaka cha chilala chachikulu, ambiri a ife tidali othaŵa nkhondo kutsidya kwa malire, m'dziko la Malaŵi. Ine ndidali mnyamata. Kumapeto kwa misasa yathu kunkakhala gogo wina wamasiye, maso ake ofiira ndi utsi, amene ankayankhula yekha poyenda chifukwa ana ake adasoŵa pa nkhondo. Tsiku lina pachitsime ndidamva mai wina akunena kuti adaona gogoyo mbandakucha atasenza mphika. Pouza anzanga, ndidawonjezapo mau aŵiri okha, akuti "pa mphambano", poti ndidaganiza kuti njira yake idali yomweyo. Patapita masiku atatu, munthu wina adandinong'oneza kuti gogo uja adapezeka ali maliseche pa mphambano, atavundikira mphika kuti amange mvula. Ine ndidayankha kuti, "Ndiye kuti nzoona, pakuti nanenso ndidamvapo." Sindidazindikire kuti amene adandipezawo adali mau anga omwe, atabwerera kwa mwiniwake atanenepa.

Madzulo ake anyamata adazinga kanyumba ka gogoyo, nayamba kusasula udzu. Ena adaponya miyala. Ine sindidaponye, koma ndidaima pomwepo, ndili duu. Pamenepo padafika katekista wina wokalamba, Mulungu ause mzimu wake, nakhala pansi pakhomo pa kanyumbako. Sadakalipe. Adangoti, "Amene adaona ndi maso ake abwere pano." Palibe adasuntha. Adafunsa mmodzimmodzi kuti, "Iwe adakuuza ndani?" Nkhani idalondoledwa motero mpaka idafika pa ine, ndipo kuchoka pa ine idafika pa mai uja, amene adati adangoona gogoyo akulaŵirira kukatunga madzi, poopa kukankhidwa pa mzere. Anthu adabalalika mwamanyazi. Koma gogo uja sadakhalenso nafe. Adasamukira kwina, ndipo patapita miyezi yoŵerengeka tidamva kuti adamwalira pakati pa alendo. Sindidapeze mpata woŵapepesa kufikira lero lino.

Kuyambira nthaŵi imeneyo ndakhala ndikudzifunsa kuti: zimatheka bwanji kuti anthu abwino, obatizidwa, olandira Ukaristia, akhulupirire chinthu chimene palibe adachiona, mpaka kutola miyala? Zimene ndapeza m'Malembo Oyera ndi m'mabuku a anthu ofufuza za maganizo a munthu ndizo ndifuna kugaŵana nanu.

Choyamba nchakuti mau amasintha poyenda, ngakhale pakati pa anthu osafuna kunama. M'chaka cha 1947 aphunzitsi aŵiri a ku America, Gordon Allport ndi Leo Postman, adasindikiza buku la mphekesera. Iwo ankaonetsa munthu mmodzi chithunzi, iye nkufotokozera mnzake amene sadachione, mnzakeyo nkufotokozera wina, motsatana. Adapeza kuti nkhani ikadutsa pakamwa pa anthu 5 kapena 6, magawo pafupifupi 70 mwa 100 a zimene zidali m'chithunzimo amakhala atatayika. Zochepa zotsalazo zimakula koposa muyeso, ndipo zimapindika kuti zigwirizane ndi zimene womverayo ankaganiza kale. Ndi mmene mphika wa madzi udasandukira mphika womangira mvula. Makolo athu ankazidziŵa zimenezi popanda sukulu, paja adati kandimverere adakanena za m'maluŵa. Ngakhale pakati pa ophunzira a Ambuye zidachitika. Pa mutu 21 wa Mthenga Wabwino wa Yohane tikumva kuti mbiri idawanda pakati pa abale yakuti wophunzira wokondedwa uja sadzafa, ndipo mlembi adachita kukonza, kunena kuti Yezu sadatero ai. Ngati mau a Ambuye mwini adapindika m'kamwa mwa oyera, nanji mau a pachitsime!

Aphunzitsi omwewo adanenanso kuti mphekesera imamera pamene pali zinthu ziŵiri pamodzi: nkhani ikhale yokhudza moyo wa anthu, ndiponso pasakhale woifotokoza momveka. Chimodzi chikasoŵa, mphekesera imafota. Pa chilala chija zonse ziŵiri zidalipo, njala idali pakhomo, ndipo palibe adatiuza chifukwa chimene mvula idakanira dera lonse la kumwera kwa Afrika.

Chachiŵiri nchakuti mtima wa munthu umasokoneza chinthu chozoloŵereka ndi chinthu choona. M'chaka cha 1977 ofufuza atatu, Lynn Hasher, David Goldstein ndi Thomas Toppino, adaŵerengera ophunzira ziganizo zosiyanasiyana, zina zoona zina zabodza, pa misonkhano itatu yotalikirana milungu iŵiri. Ziganizo zimene zidabwerezedwa, ophunzirawo adayamba kuzikhulupirira koposa, zoona ndi zabodza zomwe. Choncho tikamva nkhani kwa anthu asanu, timayesa kuti tili ndi mboni zisanu, pamene mwina onsewo adatunga pa chitsime chimodzi. Masiku ano lamya ya m'manja yakulitsa vutoli, pakuti uthenga umodzi wa pa WhatsApp umafika kwa munthu kuchokera kwa mlamu wake, kwa mphunzitsi ndi kwa mtsogoleri wa kwaya m'maŵa umodzi womwewo.

Chachitatu nchakuti maso ndi thupi lomwe zimatha kutinamiza tikakhala ndi mantha. Ambiri mukukumbukira za anamapopa, amene pa Chipwitikizi amati chupa-sangue. M'miyezi ya September ndi October 2017 mbiri imeneyi idagwedeza maboma ena a Zambézia, ndipo kutsidya, ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, anthu osachepera 9 adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma aŵiri. Mmodzi mwa ophedwawo adali mnyamata wodwala khunyu. Palibe ndi mmodzi yemwe adapezeka ndi magazi a munthu.

Tsono kodi amene ankati adapopedwa magazi onse ankanama? Ai ndithu. Madokotala amadziŵa kuti pamene munthu akulota, ubongo umamanga minofu ya thupi kuti asachite zimene akulotazo. Nthaŵi zina munthu amadzuka thupi lisanamasuke. Maso akuona, koma dzanja silikunyamuka, mau sakutuluka, pachifuwa pakulemera, ndipo amamva ngati m'nyumbamo muli wina. Zimatha zokha patapita kanthaŵi kochepa, ndipo sizipha. Anthu pafupifupi 8 mwa 100 alionse zimaŵachitikira kamodzi kapena kangapo pa moyo wao, m'maiko onse. Pa nthaŵi ya mtendere munthu amangoti ndalota zoipa. Koma mudzi wonse ukamagona ndi zibonga, yemweyo amadzuka nafuula kuti anamapopa andipopera mankhwala. Zimene adamva m'thupi nzoona, koma dzina limene wazipatsa adalitenga kwa anzake. Wonjezanipo kuti malungo, njoka za m'mimba ndi kusoŵa zakudya zimachepetsadi magazi. Mai akauzidwa kuchipatala kuti mwana wake magazi atha, funso limene limabwera mumtima mwake nlakuti: apita kuti?

Apa ndafika pa chachinai, chimene ndikupempha ophunzira athu kuti achimvetse, pakuti iwo amafulumira kunena kuti zonsezi ndi umbuli. Pansi pa mphekesera iliyonse yaikulu pamakhala chilonda chenicheni. Ku Nampula anthu akhala akuukira antchito a zaumoyo othira mankhwala m'zitsime, kuŵanena kuti akubzala matenda. Ena amati vuto ndi kufanana kwa mau aŵiri a Chipwitikizi, cloro, mankhwala oyeretsa madzi, ndi cólera, matenda amene mankhwalawo amaletsa. M'chaka cha 2009, ku Mogincual, antchito odzipereka a Cruz Vermelha ndi apolisi adaphedwa pa nkhani imeneyi, ndipo pambuyo pake anthu oposa 10 mwa omangidwa adafera m'chitokosi chothinana posoŵa mpweya. Mphunzitsi Carlos Serra wa ku Universidade Eduardo Mondlane adafufuza nkhani za mtundu umenewu m'midzi ya Nampula, nalemba buku lotchedwa Cólera e catarse m'chaka cha 2003. Iye adapeza kuti muzu wake sudali mau aŵiri aja okha. Anthu osauka, amene kwa zaka zambiri sadaone wamkulu aliyense akudzafunsa za njala yao, sadathe kukhulupirira kuti akulu omwewo abwera mwadzidzidzi kudzaŵachitira zabwino kwaulere.

Ifenso tili ndi zilonda zathu. Agogo athu adaona asipayi akugwira amuna usiku kupita nao ku chibalo, chimene lamulo lidachithetsa m'chaka cha 1961. Ena adatengedwa mpaka ku São Tomé osabwerera. Ife tidaona nkhondo imene idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992, nkhondo imene munthu ankatha kuphedwa chifukwa mnzake wamunong'onezera kwa asilikali. Anthu otere ukaŵauza kuti kukubwera alendo usiku kudzatenga moyo wanu, sadabwa, chifukwa zofanana nazo adaziona. Choncho woseka anthu ogwidwa ndi mphekesera sangaŵachiritse. Mantha ao ngoyenera kuŵamvera. Choipa nchakuti mantha amafuna nkhope yoti ailoze, ndipo nkhope imene amaipeza si ya mwini mlandu. Amapeza gogo wamasiye, mlendo wosoŵa njira, wodwala khunyu, namwino wa pa njinga, anthu amene alibe woŵatchinjiriza.

Abale anga, ife Akhristu tiyenera kuchenjera kupambana onse, chifukwa nkhope yolozedwayo idakhalapo yathu. M'chaka cha 64 moto udatentha mzinda wa Roma, ndipo mbiri idawanda yakuti mfumu Nero ndiye adalamula. Mlembi Tacitus akutiuza kuti pofuna kuzimitsa mbiriyo, Nero adakankhira mlandu pa Akhristu, naŵapha mwankhanza. M'chaka cha 177, ku Lyon, Akhristu adanenezedwa kuti amadya nyama ya anthu, ndipo Blandina Woyera, mtsikana kapolo, adafera pamodzi ndi episkopi Pothinus, nkhalamba ya zaka zoposa 90. Ngakhale kuno kwathu, mai wolemba mbiri Luise White, m'buku lake la m'chaka cha 2000, akufotokoza kuti kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia, nthaŵi ya atsamunda, ansembe a White Fathers ankanenedwa kuti ndi banyama, ogwira anthu kuti atenge magazi ao. Pamene Mkhristu akufuula kuti "namapopa uyo", akubwereza mlandu womwewo umene udaphetsa amaritiri ake.

Tsono nchifukwa chiyani pa gulu la anthu 100 pamasoŵa wonena kuti ai? Pa mutu 19 wa Ntchito za Atumwi tikuŵerenga za msokonezo wa ku Efeso, pamene khamu lidafuula pafupifupi maora aŵiri, chonsecho ambiri mwa iwo sankadziŵa chimene adasonkhanira. Pa mutu 28, anthu a pa chilumba cha Melita, poona njoka italuma Paulo, adati ndi wopha anthu, ndipo ataona kuti sadafe, omwewo adati ndi mulungu. Khamu limatero.

Cha m'ma 1951, katswiri wina dzina lake Solomon Asch adayesa mphamvu imeneyi. Ankakhazika anyamata 7 kapena 8 m'chipinda, nkuŵaonetsa mzere umodzi, kenaka mizere itatu, kuti anene wofanana ndi woyambawo. Funso lidali lapafupi, loti mwana sangalakwe. Koma onse, kupatula mmodzi, adali atapangana ndi Asch kuti ayankhe molakwa mogwirizana. Wotsalayo ankayankha chakumapeto, atamva anzake ambiri. Mayankho oposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu adatsata gulu, kukana zimene maso ankaona. Anthu atatu mwa anai alionse adagonja kamodzi kapena kuposa. Pofunsidwa pambuyo pake, ena adati ankaona bwino lomwe, koma ankaopa kuoneka osiyana ndi anzao. Ndimadziŵa mantha amenewo, pakuti ndi omwe adanditseka pakamwa madzulo aja.

Koma Asch adapezanso chinthu china chimene chimandilimbitsa mtima. Ataika m'gulumo munthu mmodzi yekha wonena zoona, kugonja kuja kudatsika mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo anai. Sipafunika kuti olungama achuluke kupambana khamu. Pakapezeka mmodzi, ena amene adali chete ndi chikaiko mumtima amapeza poimira. Ndi zimene adachita katekista wokalamba uja pokhala pakhomo. Ndi zimenenso adachita mnyamata Daniele, pamene mpingo wonse unkapita kukapha Suzana pa umboni wa akuluakulu aŵiri olemekezeka. Iye yekha adakana, nalekanitsa mbonizo, nafunsa aliyense payekha kuti adaona zimenezo patsinde pa mtengo wanji. Wina adatchula mtengo uwu, wina mtengo wina, ndipo mai wosalakwa adapulumuka chifukwa cha funso limodzi.

Mwina wina anena mumtima mwake kuti: a Katekista, kodi simukutiphunzitsa kukaika? Suja Ambuye adadzudzula Tomasi? Ndiyankhe mosabisa. Chikhulupiriro ndi kudzipereka kwa Mulungu amene sanama ndipo sanamizidwa. Ulemu umenewo ngwa Mulungu yekha, ndipo kuupereka kwa mau a pamsika ndi kupembedza fano. Eklezia amaphunzitsa kuti zoipa zilipo ndipo Satana alipo, koma sadapatse Mkhristu aliyense chilolezo choloza mnzake chala popanda umboni. Eklezia yemweyo, akamva za chozizwitsa, safulumira ai. Amaitana madokotala ndi mboni, nafufuza zaka zambiri asadavomereze. Malamulo a Mose adaletsa kuweruza munthu pa mboni imodzi yokha. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu, pa ndime 2477 ndi 2478, akuti kuvomereza mumtima cholakwa cha mnzako popanda maziko okwanira ndi tchimo, ngakhale usanatsekule pakamwa. Akutikumbutsanso malangizo a Inácio Woyera wa ku Loyola, akuti Mkhristu afulumire kumasulira mau a mnzake mokomera osati moipitsa, ndipo akalephera, amfunse mwiniwakeyo. Wokhulupiriradi Mulungu sanjenjemera ndi mbiri iliyonse, pakuti adziŵa m'manja mwa amene muli moyo wake.

M'chaka cha 1977, pa msonkhano wa ku Beira, Eklezia wa Mozambique adasankha kukhala Eklezia wa mipingo yaing'ono, m'mene Mkhristu aliyense ali ndi utumiki wake. Mipingo imeneyi ndiyo idasunga chikhulupiriro pamene ansembe sankatha kufika kumidzi. Tili ndi oŵerenga Mau, oyendera odwala, otsogolera maliro, olangiza mabanja. Ndikupempha kuti pa utumiki wonsewu tiwonjezepo chizoloŵezi chimodzi, chimene sichifuna ndalama kapena maphunziro.

Mukamva nkhani yoipitsa munthu, funsani wokuuzaniyo kuti, "Mudaona nokha, kapena mudamva?" Akati ndidamva, funsani kuti kwa yani, ndipo musaipitirize kufikira mutapeza amene adaona. Mukapeza kuti anthu ambiri akunena chimodzimodzi, ŵerengani maso amene adaona, osati milomo imene ikunena. Nkhani ikakufikani pamene mtima uli ndi mantha kapena mkwiyo, pa maliro, pa chilala, pa mliri, igonetseni usiku umodzi, pakuti ndi nthaŵi zotere pamene timanamizika msanga. Yang'ananinso amene akulozedwa. Ngati ndi wosauka, wokalamba, mlendo kapena wodwala, chenjerani kaŵiri. Ndipo anthu akayamba kusonkhana, musadikire Bambo Mfumu kapena apolisi ochokera kutali. Aŵiri kapena atatu a mpingo wa m'mudzimo apite ndi mfumu ya mudzi, akakhale pakhomo pa wonenezedwayo. Safunsa adadya phula, ndipo chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Tonsefe, Mulungu akatisunga, tidzakalamba, maso athu adzafiira, ndipo tidzayamba kuyankhula tokha m'njira.

Kwa inu atsogoleri, a Eklezia ndi a dziko, pempho langa nlakuti muzifotokozera anthu zinthu zisadachitike. Wodzathira mankhwala m'chitsime ayambe wafika kwa mfumu ndi kumpingo, amwe madziwo pamaso pa onse. Wotenga magazi kuchipatala anene kuti akupita nao kuti ndipo adzaŵachita chiyani. Ndalama za parishi ziŵerengedwe poyera. Munda umene mwini wake saulima, udzu ndiwo umamera.

Makolo athu amene adamanga tchalitchi lino adalandira Mthenga Wabwino kwa mboni zimene zidalola kufa m'malo mosintha umboni wao. Adatisiyira ife, ndipo ife tidzausiyira ana athu. Ndikupempha kuti pa Misa ya maŵa, pokumbukira ansembe, asisteri ndi akatekista amene adatsogola, tikumbukirenso gogo uja, amene dzina lake sililembedwa m'buku lino, pamodzi ndi onse amene adathamangitsidwa m'midzi yathu chifukwa cha mau athu. Ambuye atikhululukire, ndipo Mzimu Woyera, Mzimu wa choonadi, alonde pakamwa pathu ndi makutu athu pa zaka zimene zikubwerazi.